Oposa Onse pa Mipanda: Zimene Akavalo Otchuka Amatiphunzitsa pa Kusankha Woti Timutsatire

Munthu wa mu Lusaka mukamufunsa za mpira, akuuzani mosadodoma kuti ndani ali pa fomu, ndani wavulala, ndiponso kuti ndi timu iti imene imaluma ikakhala pakwawo. Nzeru zoterezi mumazimva m'minibasi yochokera ku Chelstone, pa msika wa Kabwata, ngakhale m'maofesi a mu Cairo Road. Koma pa TV ndi pafoni pomwepo pamadutsanso masewera ena amene ambiri amawayesa a mwayi wokhawokha: akavalo othamanga mtunda wautali uku akudumpha mipanda. Wina amasankha kavalo chifukwa dzina lake lamukomera, wina chifukwa nambala yake ikufanana ndi tsiku lake lobadwa. Kumeneko ndi kuwalakwira masewerawa, chifukwa kavalo aliyense amabwera pa bwalo ndi mbiri yake yolembedwa, yoti munthu wodekha aiwerenge.

Kwawo kwenikweni kwa mpikisano umenewu ndi ku Ireland, Britain ndi France. Kuno akavalo ndi ochepa, popeza kashembe ndi matenda ena ofalitsidwa ndi tizilombo touluka akhala akuwasautsa kuyambira kale. Mu Lusaka timawaona ndi apolisi pa miyambo ya boma, pa bwalo la polo ku Showgrounds, ndi m'mafamu a m'mbali mwa Leopards Hill Road mukapitirira Kabulonga ndi Woodlands. Si kuti okwera aluso tilibe: mu 2015 timu ya Zambia ya polocrosse inafika mu fainolo ya World Cup ku South Africa. Koma mpikisano wodumpha mipanda timauonera patali. Nyengo yake yaikulu imayamba mu Okutobala, ife tikusosa m'minda, n'kutha mu Epulo chimanga chitacha. Pachimake pake ndi pawiri: Cheltenham Festival, ya masiku 4 mu Malichi, ndi Grand National ya ku Aintree, ku Liverpool, mu Epulo. Yonseyi imachitika masana ndi madzulo pa nthawi yathu.

Kuwerenga fomu

Pambali pa dzina la kavalo pamakhala mzere wa manambala ndi zilembo, monga 21F3-12. Mumauwerenga kuyambira kumanzere, ndipo nambala yomalizira kumanja ndi ya mpikisano umene wathamanga posachedwa. 1 ndiye kuti anapambana, 2 anali wachiwiri, 0 anatsalira kunja kwa 9 oyambirira. F ndiye kuti anagwa, U anagwetsa womukwera, P womukwera anamuimitsa asanamalize. Kamzere kapakati kamalekanitsa nyengo yatha ndi ino. Mipanda nayo ili mitundu iwiri: ma hurdle, amene ndi aafupi, kungopitirira pang'ono mita imodzi, ndi mipanda ya chase, yolimba ndi yaitali pafupifupi mamita 1.4.

Manambalawa amangokuuzani kuti kavalo anafika wachingati. Chifukwa chake sanena. Chifukwacho mumachipeza mukafunsa za katundu amene ananyamula, nthaka imene anapondapo, kutalika kwa mtunda, bwalo limene anathamangapo, ndi kadumphidwe kake. Akavalo oposa onse m'mbiri ndiwo amayankha mafunso amenewa momveka bwino.

Waluso koposa onse: Arkle

Kampani ya Timeform ya ku Britain imapereka nambala kwa kavalo aliyense malinga ndi mphamvu zake, ndipo palibe wodumpha mipanda amene anafikapo pa 212 ya Arkle. Kavalo wa ku Ireland ameneyu, wophunzitsidwa ndi Tom Dreaper ndi kukweredwa ndi Pat Taaffe, anapambana mipikisano 27 mwa 35. Anatenga Cheltenham Gold Cup katatu motsatizana, mu 1964, 1965 ndi 1966. Pa ulendo wachitatuwo ma odds ake anali 1/10, kutanthauza kuti woika K10 ankapindula K1 yokha. Womuyandikira yekha pa nambala ndi Flyingbolt, wa 210, amene ankagona m'khola la Dreaper yemweyo, ndipo awiriwa sanapikisanepo pa bwalo.

Ukulu wa Arkle umaonekera bwino pa mipikisano ya handicap. Pa mipikisano imeneyi kavalo wamphamvu amamunyamulitsa katundu wolemera, wofooka wopepuka, kuti onse akhale ndi mwayi wofanana. Arkle anasokoneza dongosolo lonseli, moti akuluakulu a ku Ireland anayamba kukonza mindandanda iwiri ya kulemera: wina wogwira ntchito Arkle akathamanga, wina akapanda kuthamanga. Mu 1965 ku Sandown ananyamula makilogalamu 79, kuposa mdani wake wamkulu Mill House ndi makilogalamu 7, koma anapambana mosavuta n'kudula masekondi 17 pa rekodi ya bwalolo.

Mpikisano wophunzitsa kwambiri ndi umene analuza. Pa Hennessy Gold Cup ya 1966 ku Newbury, Stalbridge Colonist anamuposa ndi theka la utali wa kavalo, koma Arkle anali atanyamula makilogalamu pafupifupi 16 kuposa mnzakeyo. Pa pepala panalembedwa 2, pomwe aliyense woona anadziwa amene anali wamkulu tsikulo. Choncho musanakhumudwe ndi nambala 2 kapena 3, yambani mwaona katundu. Kavalo amene waluza pang'ono atalemedwa, mawa akamupeputsira, ndi woti mumulembe m'kabuku.

Mwini wake wa Aintree: Red Rum

Grand National ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 7 ndi mipanda 30, ndipo unayamba mu 1839. Kavalo mmodzi yekha ndiye anaupambana katatu: Red Rum, mu 1973, 1974 ndi 1977. M'zaka ziwiri zapakatizo anali wachiwiri. Maulendo 5 amenewa ndi mipanda 150 ya Aintree, ndipo sanagwepo pa umodzi womwe.

Chiyambi chake sichinali chopatsa chiyembekezo. Anali ndi matenda a fupa la m'phazi, ndipo anakathera m'manja mwa Ginger McCain, wogulitsa magalimoto akale ku Southport, amene khola lake linali kuseri kwa malo ake ogulitsirawo. McCain ankamuthamangitsa pa mchenga wa m'mphepete mwa nyanja ndi kumuyendetsa m'madzi amchere, ndipo mapazi aja analimba.

Kupambana kwake koyamba ndi kumene anthu amakukamba mpaka lero. Crisp, kavalo wamkulu wochokera ku Australia, ananyamula makilogalamu 76, Red Rum 66. Crisp anatsogola patali zedi pafupifupi ulendo wonse, ndipo pa mpanda womaliza anali akadali patsogolo ndi utali wa akavalo 15. Koma Crisp anali atazolowera mitunda yaifupi. Miyendo inamuthera pa kamtunda komaliza, ndipo Red Rum anamupitirira atatsala pang'ono kufika pa mzere. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Pa mtunda wautali musafunse kuti waliwiro ndani. Funsani kuti ndani anaonetsapo kale kuti amamaliza mtunda wotere akadali ndi mphamvu. Mu 1977, ali ndi zaka 12, Red Rum anapambana ndi utali wa akavalo 25. Atafa mu 1995 ali ndi zaka 30, anamuika pa mzere womalizira wa Aintree pomwepo.

Liwiro lalikulu ndi matope aakulu

Rekodi ya liwiro pa Grand National ndi ya Mr Frisk, amene mu 1990 anamaliza pa mphindi 8 ndi masekondi 47.8. Chaka chimenecho nthaka inali youma gwa, ndipo Mr Frisk ankakonda nthaka yotero. Patapita zaka 11, mu 2001, mvula inasandutsa bwalo lomwelo chithaphwi. Red Marauder anapambana pa mphindi 11. Pa akavalo 40 amene ananyamuka, 4 okha ndiwo anafika, ndipo awiri mwa iwo okwera awo anali atagwa n'kukweranso, zimene malamulo a masiku ano salola.

Bwalo limodzi, mipanda yomweyo, koma kusiyana kwa mphindi zoposa ziwiri. Mlimi wa kuno safunika kumuuza kusiyana kwa kuyenda pa nthaka ya mu Okutobala ndi ya mu Febuluwale, ndipo kwa kavalo n'chimodzimodzi. Pa pepala la mpikisano amalemba mmene nthaka ilili tsikulo: heavy ndi matope okhaokha, soft ndi yofewa, good ndi yapakati, firm ndi youma. Pali akavalo amene pa matope amakhala ngati ena, ndipo pali ena amene matope amawamanga miyendo. Mukaona 1 pa fomu, funsani kuti anamupeza pa nthaka yotani, kenako muone ngati lero kwagwa mvula.

Opambana motsatizana: Altior ndi Big Buck's

Palibe wodumpha mipanda amene anapambana kambiri motsatizana kuposa Altior, wa mphunzitsi Nicky Henderson: mipikisano 19, kuyambira 2015 mpaka Epulo 2019. Mtunda wake unali wa makilomita pafupifupi 3.2, ndipo pamenepo panalibe womukhudza. Mu Novembala 2019 anamuyesa pa makilomita 4.2 ku Ascot, pa nthaka yofewa, ndipo Cyrname anamugonjetsa. Kilomita imodzi yowonjezera inathetsa zimene adani onse analephera kwa zaka 4.

Rekodi imene Altior anaiposa inali ya Big Buck's, ya mipikisano 18. Nkhani yake ndi yosiyana. Poyamba ankadumpha mipanda ikuluikulu koma ankalakwitsa kawirikawiri, ndipo mu Novembala 2008 anagwetsa womukwera pa mpanda womaliza ku Newbury. Mphunzitsi wake, Paul Nicholls, anamubwezera ku ma hurdle pa mtunda wa makilomita 4.8. Kuchokera pamenepo sanaluzenso mpaka kumapeto kwa 2012, ndipo anatenga World Hurdle ya ku Cheltenham kanayi motsatizana. Wina anamuchotsa pa ntchito yake n'kuluza, wina anamupezera ntchito yomuyenera n'kukhala wosagonjetseka. Mukaona kavalo asintha mtunda kapena mtundu wa mipanda, fomu yake yakale muiwerenge mwatsopano.

Okonda bwalo limodzi

Mabwalo safanana. Ena amazungulira kumanja, ena kumanzere. Ena ndi osalala, ena ali ndi zitunda. Kempton, kufupi ndi London, ndi losalala ndipo limazungulira kumanja. Cheltenham limazungulira kumanzere ndipo limathera pa chitunda chimene chagonjetsa akavalo ambiri otsogola.

Kauto Star anapambana King George VI Chase ku Kempton kasanu, mu 2006, 2007, 2008, 2009 ndi 2011, ndipo palibe wina anachitapo zimenezi. Analinso woyamba kutaya Gold Cup n'kuitenganso, mu 2007 ndi 2009. Iye asanabwere, rekodi ya King George inali ya Desert Orchid, kavalo woyera amene anaitenga kanayi. Desert Orchid ankadumpha mopendekera kumanja, choncho Kempton kunali kwawo, pomwe Cheltenham kunkamuvuta chaka ndi chaka. Anapambanako Gold Cup kamodzi kokha, mu 1989, pa matope amene sankawakonda, ndipo n'chifukwa chake tsikulo limakumbukiridwa ngati la kulimba mtima osati la liwiro.

Ku Cheltenham, Golden Miller anatenga Gold Cup kasanu motsatizana, kuyambira 1932 mpaka 1936, ndipo mu 1934 anawonjezerapo Grand National, kukhala yekhayo wopambana zonse ziwiri chaka chimodzi. Rekodi yake ya kupambana motsatizana pa Festival inakhala zaka pafupifupi 80 mpaka kavalo wamkazi Quevega anatenga Mares' Hurdle kasanu ndi kamodzi, kuyambira 2009 mpaka 2014. Zaka zambiri Quevega ankabwera ku Cheltenham asanathamangepo mpikisano wina nyengo imeneyo. Woyang'ana fomu ya miyezi iwiri yapita sakanapeza kanthu. Woyang'ana mbiri yake pa bwalolo ankadziwa. Hurricane Fly, amene anapambana mipikisano 22 ya gulu lapamwamba la Grade 1, anathamanga ka 10 ku Leopardstown, ku Dublin, n'kupambana ka 10. Tiger Roll, kavalo wamng'ono thupi amene anatenga Grand National mu 2018 ndi 2019, anapambananso kasanu pa Cheltenham Festival.

Pa pepala, chilembo C pambali pa dzina chimasonyeza kuti kavaloyo anapambanapo pa bwalo limenelo, D pa mtunda umenewo, CD pa zonse ziwiri nthawi imodzi. Tizilembo timeneti timanena zambiri kuposa mphekesera zonse za pa WhatsApp.

Odabwitsa koposa: a 100/1

Kuyambira 1839, akavalo 5 okha ndiwo apambana Grand National pa ma odds a 100/1: Tipperary Tim mu 1928, Gregalach mu 1929, Caughoo mu 1947, Foinavon mu 1967 ndi Mon Mome mu 2009. Mu 1928 ananyamuka akavalo 42 ndipo anafika awiri okha, chiwerengero chochepetsetsa m'mbiri ya mpikisanowu. Chaka chotsatira ananyamuka 66, gulu lalikulu koposa.

Wotchuka pa onsewa ndi Foinavon. Pa mpanda wa 23, umodzi mwa yaing'ono kwambiri pa bwalolo, kavalo wina amene anali atagwetsa kale womukwera anadutsa mopingasa kutsogolo kwa gulu, ndipo pafupifupi onse anawunjikana pamenepo. Foinavon anali kumbuyo kwambiri moti womukwera, John Buckingham, anapeza mpata wolambalala chipwirikiticho n'kudumpha. Mpanda umenewo lero umatchedwa ndi dzina lake. Kumeneko kunali mwayi weniweni, ndipo palibe fomu ikanakuuzani.

Koma si onse odabwitsa amene anali a mwayi. Mu 1990 Norton's Coin anatenga Gold Cup pa 100/1, Desert Orchid n'kukhala wachitatu. Mwini wake, Sirrell Griffiths, anali mlimi wa ng'ombe zamkaka ku Wales wokhala ndi akavalo owerengeka, ndipo m'mawa wa tsikulo anayamba wakama ng'ombe zake asanayendetse yekha galimoto ya kavaloyo kupita ku Cheltenham. Anthu anaona khola laling'ono n'kunyoza, osaona kuti Norton's Coin anali atapambanapo pa bwalo lomwelo chaka chapitacho. Mon Mome nayenso anali atakhalapo wachiwiri pa Welsh National, atamalizapo Grand National ya 2008, ndiponso atapambana ku Cheltenham miyezi 4 yokha m'mbuyomo. Zizindikiro zinalipo kwa wofuna kuziona. Komabe chiwerengero chija musachiiwale: 5 okha pa zaka zoposa 180. Wothamangira ma odds aakulu chifukwa cha ukulu wake wokha amangodyetsa mwini shopu.

Kugwa kowawa koposa

Mu 1956 Devon Loch, kavalo wa mayi a Mfumukazi Elizabeth II, anadumpha mipanda yonse 30 ya Grand National n'kutsogola bwinobwino. Atatsala ndi mamita osakwana 40, popanda mpanda uliwonse kutsogolo, anangodumpha m'malere n'kugwa chamimba. E.S.B. anamudutsa n'kupambana. Akatswiri akutsutsanabe mpaka lero za chimene chinachitika.

Kwa okonda kulumikiza masewera ambiri pa tiketi imodzi, monga timachitira ndi mpira Loweruka, nkhani yofunika kuimva ndi ya Annie Power. Pa tsiku loyamba la Cheltenham Festival ya 2015, mphunzitsi Willie Mullins ndi wokwera Ruby Walsh anali ndi akavalo 4 amene aliyense ankawayembekezera, ndipo anthu miyandamiyanda anawaika onse pa tiketi imodzi. Douvan anapambana. Un De Sceaux anapambana. Faugheen anapambana. Annie Power anafika pa hurdle yomaliza akutsogola momasuka, ananyamuka msanga, n'kugwa. Makampani a kubetcha anapulumuka mapaundi mamiliyoni ambirimbiri pa sekondi imodzi imeneyo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Annie Power anadzuka bwinobwino ndipo chaka chotsatira anatenga Champion Hurdle, koma matiketi aja anali atang'ambidwa kale.

Zinabwerezanso pa Champion Hurdle ya 2025. Constitution Hill, amene anali asanaluzepo pa mipikisano 10, anagwa. State Man, wopambana wa chaka chapitacho, anatsogola mpaka pa hurdle yomaliza, nayenso n'kugwa. Anapambana ndi Golden Ace pa 25/1. Apa ndi pamene mpikisano wodumpha umasiyanirana ndi wa pa bwalo losalala: ngakhale mutawerenga zonse molondola, pakati pa kavalo wanu ndi mzere womalizira pali mpanda. Chilembo F kapena U chikamabwerezabwereza pa fomu, ndi chenjezo. Ndipo ngakhale chisaoneke n'komwe, kavalo wotsimikizika kulibe.

Anthu oposa onse

Wokwera wopambana koposa ndi Tony McCoy wa ku Northern Ireland: mipikisano 4,358, ndi ukatswiri wa Britain zaka 20 motsatizana mpaka pamene anapuma mu 2015. Mu nyengo ya 2001/02 yokha anapambana ka 289. Koma Grand National inamukana maulendo 14, ndipo anaipeza pa ulendo wa 15, mu 2010, pa Don't Push It. Ngati mpikisano umenewu unadikiritsa McCoy chotero, wobetcha wa ku Kabwata asadziyese kuti waupeza chinsinsi.

Wamng'ono koposa kupambana Grand National ndi Bruce Hobbs, wa zaka 17, mu 1938. Wamkulu koposa ndi Dick Saunders, wa zaka 48, mu 1982. Ku Czech Republic kuli mpikisano wa Velká pardubická, wa mamita 6,900 ndi zopinga 31, umene mbali ina umadutsa m'minda yolimidwa. Josef Váňa anaupambana ka 8, komaliza mu 2011 ali ndi zaka 58. Rachael Blackmore wa ku Ireland anakhala mkazi woyamba kutenga Champion Hurdle ndi Grand National, zonse mu 2021, ndi Gold Cup mu 2022. Pa masewerawa amuna ndi akazi amapikisana pamodzi.

Kwa aphunzitsi, Michael Dickinson anachita chosaiwalika mu 1983: akavalo 5 oyambirira pa Gold Cup, motsogozedwa ndi Bregawn, onse anali a m'khola lake. Masiku ano dzina lalikulu ndi Willie Mullins. Mu 2022 anapambana mipikisano 10 mwa 28 ya Cheltenham Festival, mu 2024 anakhala woyamba kufika pa 100 pa Festival imeneyo, ndipo mu 2025 akavalo ake anatenga malo atatu oyambirira pa Grand National, wopambanayo Nick Rockett atakweredwa ndi mwana wa Mullins, Patrick. Khola likakhala pa fomu, akavalo ake ambiri amathamanga bwino nthawi imodzi. Likalowa chifuwa, onse amafooka. Onani mmene akavalo a mphunzitsiyo achitira masabata awiri apitawa. Khola lalikulu likalowetsa akavalo angapo mu mpikisano umodzi, onani amene wokwera wawo wamkulu wasankha, koma kumbukirani kuti naye amaphonya.

Wotchuka koposa wa kufupi ndi kwathu: Ipi Tombe

Bwalo la mpikisano wa akavalo lodziwika bwino kufupi ndi Lusaka ndi Borrowdale Park ku Harare, kwawo kwa Castle Tankard. Kumeneko amathamanga pa bwalo losalala, popanda mipanda, koma kunachokera kavalo amene dera lathu lingamunyadire. Ipi Tombe, wamkazi, anabadwira ku Zimbabwe mu 1998 ndipo anayambira pa Borrowdale. Atapita ku South Africa kwa mphunzitsi Mike de Kock, anatenga Durban July mu 2002. Mu 2003 anapambana Dubai Duty Free pamaso pa akavalo a mayiko olemera, kenako anakapambananso ku Churchill Downs ku America. Pa mipikisano 14 anapambana 12, ndipo iwiri inayo anali wachiwiri. Amene anamuona ku Harare asanatchuke n'kumutsatira anaona ulendo wonsewo kuyambira pachiyambi, ndipo kukoma kwa kutsatira kavalo ndi kumeneko.

Mtengo wake

Sitingakambe za ulemerero n'kubisa zowawa. Dawn Run, kavalo wamkazi wa ku Ireland, ndi yekhayo amene anatenga Champion Hurdle, mu 1984, ndi Gold Cup, mu 1986. Patangopita miyezi itatu chitengereni Gold Cup, anagwa pa mpikisano ku Auteuil, ku Paris, n'kufera pomwepo. Arkle yemwe anasiya kuthamanga atathyoka fupa la phazi ku Kempton mu Disembala 1966. Imfa za akavalo pa Grand National zakhala zikudzutsa mkwiyo, ndipo mkwiyowo wabala zosintha: mu 2013 mitengo yolimba ya m'kati mwa mipanda ya Aintree inalowedwa m'malo ndi zofewerapo, ndipo mu 2024 chiwerengero cha othamanga chinatsitsidwa kuchoka pa 40 kufika pa 34. Wokonda masewerawa moona amasangalala kavalo wake akapambana, koma amayamba wafunsa ngati onse abwerera kukhola ali bwino.

Mmene mungayambire

Choyamba, siyanitsani akavalo enieni ndi aja a pa kompyuta amene amathamanga mphindi zilizonse m'mashopu a kubetcha. Amenewo alibe nthaka, alibe katundu, alibe mbiri. Zotsatira zake amazisankha ndi makina, ndipo palibe choti muwerenge.

Chachiwiri, tengani kabuku. Mu Okutobala ndi Novembala sankhani akavalo 5 kapena 6 okha, makamaka achinyamata a zaka 5 mpaka 7 amene angoyamba kudumpha mipanda ikuluikulu, chifukwa amenewo ndiwo amakula mukuwaona. Aliyense akathamanga, lembani bwalo, mtunda, nthaka, katundu ndi mmene anadumphira. Onerani mpikisano wonse, osati mapeto okha: amene anafika wachinayi akubwera mwamphamvu pa chitunda nthawi zina ndi wofunika kuposa amene anapambana akupuma wefuwefu. Pofika Malichi mudzakhala mukuwadziwa akavalo anu kuposa aliyense wokutumizirani maulosi pafoni.

Chachitatu, zonsezi mungathe kuchita osaikapo ngwee. Arkle, Red Rum ndi Quevega amakumbukiridwa chifukwa cha zimene anachita pa bwalo, osati ndalama zimene anthu anawina pa iwo. Ngati ndinu wamkulu wopitirira zaka 18 ndipo mwasankha kubetcha, ikani yokhayo imene mungathe kuitaya osadandaula, ndipo mukaluza musaithamangire ndi ina. Ya unga, ya lendi ndi ya sukulu ya ana isafike pa kauntala imeneyo, ngakhale kavaloyo atakhala kuti wapambana ka 19 motsatizana.